Bwato likalandidwa pa Luangwa, kodi lapita basi?

Mayi wina wa ku Nyimba wandilembera imelo. Akuti amuna awo anapezedwa akusodza pa Luangwa mu Januwale, ndipo bwato ndi maukonde zonse zinatengedwa. Akufunsa ngati ofisala woona za nsomba ali nayodi mphamvu yotere, kapena angowapondereza chifukwa ndi anthu akumudzi.

Amayi, kalata yanu yandikumbutsa bala lakale. Ine ndinaleredwa ndi amalume anga kuchigwa, cha ku Mambwe, ndipo sukulu yanga inalipiridwa ndi mlamba ndi mcheni. Bwato lawo anasema okha ku mtengo wa mbawa, ndi nkhwangwa ndi kasemasema, mpaka manja anachita matuza. Likang'ambika ankalimata ndi phula ndi sanza, ine ndikuwagwirira chitini pamoto. Tsiku lina kutangocha anabwera anthu ovala yunifomu, nanena kuti ndi aboma. Palibe anaonetsa chitupa. Palibe analemba kanthu. Anakoka bwato, anakulunga maukonde, napita. Amalume anayenda ofesi ndi ofesi chipewa chili m'manja, koma kulikonse ankawafunsa funso limodzi: pepala lili kuti? Nkhaniyo sinafike kukhoti, bwato silinabwerenso, ndipo munthu amene ankadyetsa makomo atatu anayamba kupalira minda ya eni ake kuti apeze ufa. Mpaka lero sitidziwa ngati anthu aja analidi aboma.

Komabe sindikunamizani kuti ndikusangalatseni. Mphamvu ilipo. Lamulo la za nsomba, Fisheries Act nambala 22 ya 2011, limalola ofisala kuimitsa bwato, kulisecha, kufunsa laisensi, ndi kugwira nsomba, maukonde ngakhale bwato lenilenilo ngati ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti lamulo laphwanyidwa. Angathenso kumanga munthu, ndipo kulimbana ndi ofisala pantchito yake ndi mlandu wina pawokha. Amuna anu anapezedwa mu Januwale, mkati mwenimweni mwa chiletso cha kusodza chimene chimayamba pa 1 Disembala kufika kumapeto kwa Febuluwale chaka chilichonse. Apa pokha zinthu zawavutira.

Ndipo chiletsocho ine ndimachivomereza, ngakhale abale anga kuchigwa amandiyang'ana ndi diso lofiira ndikatero. Miyezi ya mvula ndi imene nsomba zimaswana. Ndinaonapo neti ya udzudzu, yomwe ija ya kuchipatala, itakokedwa m'thamanda. Zimene zinatuluka zinali tiana ta nsomba tochepa kuposa chala cha mwana, tosakanizika ndi matope ndi mazira. Munthu wokoka neti yotere, kapena wothira katupe m'madzi, akubera msodzi mnzake ndi adzukulu ake omwe. Ameneyo ofisala akamulanda zida, ine sindimulirira. Ayi ndithu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chiletso chimagwa nthawi ya njala, nkhokwe zitauma, chimanga chisanache, ana akufuna yunifomu ndi makope a temu yoyamba. Amene amalemba malamulo ku Lusaka adzaime pa mlatho wa Luangwa pa Great East Road, aone amayi amene moyo wawo wonse uli pa mulu wa nsomba zouma. Ukauza munthu kuti asasodze miyezi itatu, umuuzenso chimene adye. Maiwe oweta nsomba timawamva pawailesi, koma kukumba dziwe, kugula mbewu ya nsomba ndi chakudya chake zimafuna ndalama zimene msodzi wa bwato limodzi alibe.

Palinso china chimene ambiri amasokoneza. Mbali zina mtsinje wa Luangwa ndiwo malire a paki, ngati ku South Luangwa. Ukalowa kumeneko wakumana ndi a zanyama, a dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire (DNPW) amene analowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA, ndipo iwo amayendera lamulo lina, Zambia Wildlife Act ya 2015. Choncho funsani amuna anu bwinobwino malo amene anagwidwira, ndi anthu amene anawagwira.

Koma apa mumvetse, amayi, chifukwa ndi pamene amalume anga anagwera. Kugwira bwato si kulanda bwato kwamuyaya. Ofisala amaligwira ngati umboni. Mwini mphamvu yonena kuti katundu wapita m'manja mwa boma ndi khoti, mlandu utazengedwa. Ofisala amene watenga bwato popanda kulemba, kapena amene akuti mupereke kangachepe pompano nkhani ithe, wasiya lamulo, akuchita zake. Ndipo munthu wopereka kangachepeko wadziika yekha pamlandu wa ziphuphu.

Tsono muchite chiyani?

Pitani ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu, amuna anu ali pomwepo, pamodzi ndi mboni imene inaona, kaya anyakwawa. Funsani dzina la ofisala amene anagwira katundu, pepala lolembapo zonse zimene zinatengedwa, kumene bwato likusungidwa, ndi tsiku la kukhoti. Ndalama iliyonse imene mungalipire ikhale ndi lisiti ya boma. Ngati munthu ali m'chitokosi, belo ya apolisi ndi yaulere. Nsomba zimene zinagwidwa musaziyembekezere, zimaola, koma bwato lilondoleni. Zikakanika, Legal Aid Board, imene imathandiza anthu osauka pa milandu, ili ndi ofesi kuno ku Chipata, ndipo wina akakupemphani chiphuphu, a Anti-Corruption Commission aliponso.