Zodyera ku Dar ngati mwapita kukaoda

Achemwali amene mwafunsa kuti mukupita ku Dar es Salaam koyamba kukaoda katundu ku Kariakoo ndiye mukufuna kudziwa kodyera kotchipa koma kosatsegulitsa mmimba, ndaona ena akukuuzani kuti munyamule ufa ndi kapoto, aaa ayi musazivutitse, katundu wobwera naye ndi wambiri kale ndipo mmene kumatenthera kuja simungafune nkomwe kuyandikira mbaula. Chakudya ku Dar nchosasowa, chovuta ndi nthawi basi. Ine dzina la lesitilanti sindikupatsani chifukwa malo abwino otchipa ambiri alibe ndi chikwangwani chomwe, chomwe ndingakuuzeni ndi choti muzidya nthawi imene eni mzinda akudya komanso pamene akudyera iwowo.

Anthu amene amadyetsa Kariakoo yense ndi azimayi aja amawatchula kuti mama ntilie, ena amati mama lishe. Amakhala mmakwalala mwa kuseri kwa mashopu, benchi, tebulo loyala kapulasitiki, mapoto akuluakulu atatu kapena anayi, chidebe cha madzi osamba mmanja. Ambiri amaphika kamodzi patsiku, chakudya chimapsa cha mma 12 koloko ndipo ikamakwana 2 mapoto amakhala akupalidwa, ndiye inu mukatengeka ndi ma jinzi mumsewu wa Congo nkufika 4 koloko mupeza zotsalira zimene zakhala padzuwa la ku Dar maola anayi, apo ndiye pamayambira nkhani ya mmimba ija mukuiopayi. Fikani 1 koloko, yang'anani pamene adzaza anyamata onyamula katundu ndi atsikana a mmashopu, olo musowe pokhala dikirani, mpunga wake umatuluka mupoto ukufuka nthunzi. Musaiwalenso kuti wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi kwathu, komanso amawerenga maola mwa Chiswahili, akakuuzani kuti chakudya chipsa saa saba ndiye kuti 1 koloko masana, osati 7.

Mbale yotchipa kwambiri komanso yokhutitsa ndi wali maharage, mpunga ndi nyemba, koma nyemba zake amathira nkaka wa kokonati ndiye zimakhala zonona mwina tsiku loyamba zikudabwitsani. Ulendo wanga womaliza mbale imeneyi inali mma 2,000 shillings, ukafuna ya nyama kapena nsomba umawonjezera pang'ono, mitengo imasintha ndiye funsani musanakhale pansi. Mpunga wabwino kumeneko amanyadira wa ku Kyela, patsidya pa Songwe pompa, fungo lake a ku Karonga alizindikira msanga. Nsima iliko, ugali, ndipo ilipo ya mitundu iwiri, sembe ndi ya ufa woyera pomwe dona ndi mgaiwa. Chenjezo langa ndi loti amaphika yolimba zedi ndipo sayiomola ndi chipande mitandamitanda, amangokuikirani chimbumu chimodzi pambale. Masamba simusowa, mchicha ndi bonongwe, matembele ndi kholowa, kisamvu ndi chigwada, kungoti mmalo mwa nsinjiro nthawi zambiri ndi kokonati yemweyo.

Lachisanu musadye china, funani biriani, mpunga wophika ndi zokometsera wodyera ndi nyama. Ndi tsiku lake limenelo, anthu akamatuluka ku mzikiti malesitilanti a Aswahili amakhala atadzaza ndipo imatha msanga. Masiku ena pilau amapezeka paliponse.

Mmawa muli ndi zosankha ziwiri. Tiyi wa zokometsera ndi chapati, mandasi kapena vitumbua, zomwe ndi za ufa wa mpunga osati za chimanga ngati zitumbuwa zathu, apo ayi supu. Supu imeneyi ndi imene ndimailimbikitsa kwa munthu amene ayende tsiku lonse kukwera masitepe a mashopu, ndi msuzi wa ng'ombe wongowiritsa, nyama, zamkati kapena mang'ina amene iwo amati kongoro, amakupatsani ndi kandimu kofinyira, mchere ndi tsabola pambali, mumatsikitsira ndi chapati ziwiri. Imakhala ikubwata pamoto nthawi yonse ndiye za mmimba palibe nkhawa, ndipo mukamwa 8 koloko mufika nayo masana bwinobwino.

Madzulo ma mama ntilie ambiri amakhala atalongedza, mzinda umasanduka wa chiwaya. Apa mfumu yake ndi chipsi mayai, ena amangoti zege, mnyamata amatapa tchipisi chokazinga kale nkuika mukafulayipani kakang'ono, amaswera mazira awiri pamwamba, akatembenuza ndi mbale chimatuluka chinthu chimodzi chobulungira, ndiye amathira tomato sosi, tsabola ndi kachumbari, mumadya ndi kamtengo kotokosera mmano. Pambali pake pamakhala wa mishkaki, tinyama totunga pa waya towotcha pamakala, mutenge itatu kapena inayi mwamaliza nkhani. Muuzeni akukazingireni mukuona, asakupatseni chimene chagona mu kabokosi ka galasi kaja. Kachumbari ndi tomato ndi anyezi zaziwisi, ine nyengo ya mvula, kuyambira March mpaka May pamene madzi amasefukira ku Jangwani, ndimamukana, nthawi zina ndimadya. Chimodzimodzi juwisi wa nzimbe, ndi wokoma zoopsa makamaka akafinyira limodzi ndi jinja ndi ndimu, koma nenani kuti asaike ayezi chifukwa simudziwa madzi ake. Madzi akumwa gulani a mbotolo, Uhai kapena Kilimanjaro ali pa shopu iliyonse, apo ayi dafu, kokonati wamuwisi amene amakusendera uli pompo.

Tsopano nkhani ya nsomba poti mwafika kunyanja yamchere. Musakafunse chambo kkkk, kulibe. Yoyandikira ndi sato yochokera ku nyanja ya Victoria koma imadula chifukwa yayenda ulendo wautali, ndipo kunena zoona kupita mpaka ku Dar nkukadya nsomba ya madzi opanda mchere ndikuziphonyetsa. Yotchipa ya tsiku ndi tsiku ndi kibua, changu ndi yofewa bwino, nguru ndi ya minofu yopanda timinga tovutitsa. Mukapeza mmawa umodzi wopanda zochita pitani ku msika wa nsomba wa pa Feri ku Kivukoni, mabasi a mwendokasi, oyenda mumsewu wawowawo aja anayamba mu 2016, amakathera komweko pafupi ndi pokwerera pantoni, sitima yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Lawirani, cha mma 7 nsomba zimakhala zikugulitsidwa pa okushoni, phokoso, fungo, pansi ponyowa ndiye musavale masilipasi anu abwino aja. Pali mbali imene amakazinga, ziwaya zikuluzikulu utsi tolo, mumaloza yomwe mukufuna, kamba (ma prawns, osati kamba wathu uja), ngisi (squid), pweza, nkudya ndi chinangwa chokazinga. Pweza ndi chinthu cha miyendo 8 chija, kuchiona chachiwisi mukhoza kuthawa koma chikawiritsidwa nkudulidwa tizidutswa chimatafunika ngati nthutumba ya nkhuku, madzulo mmisewu mupeza anyamata ali ndi tebulo akugulitsa kachidutswa kachidutswa ndi supu wake mukapu, azibambo ndi amene amaunjikana pamenepo, zifukwa zake akakuuzani okha. Ngati simunadyepo za mnyanja yamchere chibadwire yambani ndi pang'ono, ena thupi limatuluka zidzolo, ndipo musayesere tsiku loti mawa lake mukwera basi ya ku Mbeya, ulendo umene uja ndi wautali ndipo dalaivala saima chifukwa cha inu.

Loweruka kapena Lamulungu madzulo anthu amapita ku Coco Beach ku Oyster Bay kukadya chinangwa chokazinga ndi mishkaki akuwomberedwa mphepo, ndi kotchipa poyerekeza ndi dera limene kuli, koma chikwama ndi foni gwirani. Malesitilanti a ku Masaki ndi Slipway ndi okongola zedi koma mbale imodzi ikudyerani ndalama ya masiku atatu a kwa mama ntilie, amenewo mudzapite geni ikadzakula. Chapakatikati pali ku Kisutu, kumene kuli malo a amwenye ambiri ophika zopanda nyama, masamusa, bajia ndi urojo, supu yachikasu yowawasira ya ku Zanzibar yokhala ndi mbatatesi ndi bajia mkati, ena amaikonda ena amaisiya pakati, ine ndili mgulu loikonda. Nkhumba mu Kariakoo musaifunse mokweza, ndi dera la Asilamu ambiri, okonda kitimoto, dzina lawo la nyama ya nkhumba, amapita mmabala a ku Sinza ndi kwina. Mukapezeka kuti ulendo wagwera mwezi wa Ramadan dziwani kuti malo ambiri masana amatseka kapena amatchinga nsalu, chakudya chimatuluka dzuwa likalowa.

Ndalama yodyera ikhale payokha mthumba lina, ma 1,000 ndi ma 2,000. Pepala lawo lalikulu ndi la 10,000 ndipo mukalitulutsa pa mbale ya nyemba mayi amayamba kutuma mwana kukasaka tchenji inu mukudikira, choipa kwambiri ndi kumasula mpukutu wa ndalama za katundu pagulu. Malo ena amalandira pa foni koma pamafunika layini ya komweko. Mukafika pa benchi perekani moni kaye, ngati mayiyo ndi wamkulu nenani shikamoo, moni wa ulemu kwa akuluakulu, poitanitsa yambani ndi naomba, kutanthauza ndikupempha, Atanzania nkhani ya ulemu saiseweretsa ndipo mukabwera kawiri pamalo amodzi tsiku lachitatu kanyama kamawonjezereka kokha. Tandiuzani loji imene mukafikire ili mbali iti, ya ku msewu wa Msimbazi kapena ya ku msewu wa Uhuru, ndikulozereni koyambira kuyang'ana.