Sembène anapereka mawu otsiriza kwa opemphapempha

Achimwene, mwafunsa ngati ndale za wolemba filimu zimaoneka m'filimu yake, kapena filimu ndi yongosangalatsa basi. Zimaoneka ndithu. Ine ndimayang'ana kuti wolembayo walola ndani kuyankhula, m'chiyankhulo chanji, ndipo watsiriza ndani.

Tengani Ousmane Sembène wa ku Senegal. Bamboyu ananyamulapo katundu padoko la Marseille, kumene analowa bungwe la anthu apantchito ndi chipani cha chikomyunizimu cha ku France. Anayamba ndi mabuku a Chifalansa, koma anaona kuti abale ake ambiri sangawawerenge, ndiye anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula mafilimu. Filimu yake ya Mandabi ya mu 1968 anaipanga m'Chiwolofu, chomwe anthu amayankhula m'misika ya ku Dakar. Chisankho chimenecho pachokha ndi ndale kale.

Koma imene imandigwira mtima ndi Xala ya mu 1975. Poyamba pake, akuluakulu akuda alanda bungwe la amalonda n'kutulutsa azungu. Posakhalitsa azungu aja abwerera, n'kuika chikwama chodzaza ndalama patsogolo pa aliyense. Palibe amene akulalikira za utsamunda. Mwangoona ndi maso, mwamva zonse. Kenako El Hadji, mmodzi wa akuluakuluwo, akwatira mkazi wachitatu, ndipo usiku wa ukwati womwewo mphamvu zachimuna zimuthera. Apa Sembène akunena za atsogoleri olandira ufulu koma osabereka kanthu. Onaninso Rama, mwana wa El Hadji: bambo akuyankhula Chifalansa, iye akuyankha m'Chiwolofu, mkangano wonse wa dziko uli m'chipinda chimodzi. Pamapeto timapeza kuti womulodza ndi wopemphapempha amene El Hadji anamulanda zake kalekale, ndipo kuti achire ayenera kuvula, amphawi amulavulire. Wolemba wokhulupirira kuti dziko limakonzedwa ndi mtsogoleri wabwino akanatsiriza ndi nduna yolapa pamsonkhano. Sembène, munthu wa padoko, anasiya chiweruzo m'manja mwa osauka.

Boma la Léopold Senghor, pulezidenti wa Senegal panthawiyo, linkaziona zimenezi. Filimu ina ya Sembène, Ceddo ya mu 1977, inaletsedwa ku Senegal, chifukwa chomwe anapereka n'chakuti dzinalo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Sembène anakana kusintha chilembocho.