Ulusi wa tin oxide ukusanduka ufa m'ng'anjo: kodi vuto ndi magetsi?

Wowerenga wina, amene akuchita maphunziro a chemistry, wanditumizira imelo. Akufuna kupanga kachipangizo kozindikira mpweya wa carbon monoxide, uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Wasungunula PVP (mtundu wa pulasitiki) ndi tin chloride (mchere wa chitsulo cha tin) mu DMF (madzi osungunulira mankhwala) wosakaniza ndi ethanol, wapota ulusi pa makina a electrospinning, amene amakoka msanganizowo ndi magetsi kuchokera pa singano kukafika pa chosonkhanitsira, ndipo nsalu yoyera yatuluka bwinobwino. Koma akaiwotcha m'ng'anjo kuti isanduke tin oxide, amene ndiye amazindikira mpweyawo, imatuluka itayoyoka, ndipo yotsalayo imamatuka pa kachipangizo. Akufunsa ngati awonjezere mphamvu ya magetsi.

Ayi, musawonjezere. Magetsi anu achita kale mbali yawo.

Ntchito yawo ndi kukoka basi. Mukaika ma kilovoti 10 mpaka 20 pa singano, chosonkhanitsira chili pa mtunda wa masentimita ngati 15, dontho la kunsonga limasongoka, monga Geoffrey Taylor anafotokozera mu 1964. Pansonga pake pamatumphuka kamzere kamadzi kamene kamapita kakugwedezeka, madzi osungunulira aja n'kumauma m'njira, ndipo chofika pa chosonkhanitsira ndi ulusi wouma. Mukanakhala kuti mukuona timikanda pa ulusiwo kapena madontho onyowa, tikanakamba za kuchepa kwa PVP kapena kufupika kwa mtunda. Inu mwati nsalu ikutuluka youma ndi yosalala, ndiye kumeneko kulibe mlandu.

Chimene muli nacho panthawiyo si tin oxide ayi. Ndi pulasitiki imene yanyamula mchere wa tin m'kati mwake. Tin oxide amabadwira m'ng'anjo, PVP ikamapsa n'kuchoka, ndipo ambiri amachita changu pomwepa chifukwa amaona ngati ntchito yovuta yatha. Dan Li ndi Younan Xia a ku University of Washington atasonyeza njirayi mu 2003 ndi ulusi wa titanium dioxide, anauwotcha mumpweya wamba pa madigiri 500, ndipo ulusi wake unatsala wathunthu ngakhale unaonda. Kuonda n'kosapeweka, popeza pulasitiki imene inali thupi la ulusiwo yapita. Kuyoyoka ndiye kumapeweka.

Aliyense amene anaonapo mayi akuwotcha mbiya amadziwa kuti moto waukali pa chiyambi umaing'alula. Ulusi wanu nawonso ndi momwemo: kutentha kukakwera mofulumira, PVP imapsa nthawi imodzi, mpweya umatuluka mwamphamvu, tin oxide asanagwirane. Kwezani kutentha ndi digiri imodzi kapena awiri pa mphindi. Mukafika cha pa madigiri 300 imani kaye ola limodzi, kenako pitirizani mpaka 500 kapena 600, mukhalepo maola awiri. Musatsegule chitseko mukangozimitsa. Zisiyeni zizirale zili momwemo. Onaninso kuchuluka kwa tin chloride poyerekeza ndi PVP. Mchere ukachepa kwambiri, pulasitiki ikachoka sipatsala chokwanira kuimika ulusi. Ndipo musawotchere pa pepala la aluminiyamu lomwe munasonkhanitsirapo, chifukwa limasungunuka pa madigiri 660 ndipo limafutukuka mosiyana ndi ulusiwo.

Za kumatuka, Il-Doo Kim ndi anzake anachita chanzeru mu 2006 popanga kachipangizo kozindikira nitrogen dioxide: anapotera ulusi pa kachipangizo penipenipo, n'kuupsinja ndi chitsulo chofunda asanauwotche. Pulasitiki imafewa pang'ono n'kugwira pansi. Yesani zimenezo pa mbale ya alumina, yomwe ndi yolimba ngati dongo lowotcha ndipo imapirira moto wa ng'anjo.

Mwina mukuganiza zokweza moto kufika 800 kuti ulusi ulimbe. Chonde musatero, ndipo chifukwa chake ndicho chimandikoka mtima pa nkhani yonseyi. Mukauona pa maikulosikopu yamphamvu, ulusi wopsa bwino ndi mzere wa timbulu ting'onoting'ono togundana. Kachipangizo kakatenthedwa pa madigiri 200 mpaka 400, okosijeni wa mumpweya amamatirira pa timbuluto n'kulanda ma electron, choncho magetsi amadutsa movutikira. Carbon monoxide akafika amagwirizana ndi okosijeni uja n'kukhala carbon dioxide, ma electron amabwerera, ndipo magetsi amayamba kuyenda mosavuta. Kusintha kumeneko ndiko mumayeza. Kambulu kakakhala kakang'ono, okosijeni amakalanda pafupifupi konse, ndiye kusintha kumakhala kwakukulu. Gulu la Noboru Yamazoe ku Kyushu University linasonyeza cha m'ma 1991 kuti kumva kwa tin oxide kumakwera kwambiri timbulu tikachepera ma nanomita 10 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Moto wopyola muyeso umakulitsa timbulu, ndipo mudzakhala ndi ulusi wolimba koma wogontha.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Tin oxide sasankha mpweya. Kuyambira pamene Naoyoshi Taguchi wa ku Japan anayamba kugulitsa tizipangizo totere mu 1968, vutoli likadalipo: fungo la mowa, gasi wophikira ndi chinyezi zonse zimasokoneza muyeso. Chitsulo cha palladium pang'ono mumsanganizo wanu chimathandiza pa carbon monoxide, koma sichithetsa zonse. Kachipangizo kanu musakaike m'chipinda chogona anthu musanakayese kangapo ndi mpweya wodziwika kuchuluka kwake, nyengo youma ndi yachinyezi yomwe. DMF nayenso ndi poizoni wa chiwindi, choncho poterani pamalo okoka mpweya kunja, mutavala magolovesi.