Msuweni, za potassium hydroxide zija

Eee, msuweni, ndalimva funso lako, loti pa botolo la mafuta ako odzola alembapo potassium hydroxide, ndiye kodi sawotcha khungu? Koma iwe ndimakudziwa, nkhani si mafutawo ayi. Chiyambire maliro aja umangokamba za geni ya sopo. Ndikunama?

Uyambe wakumbukira amalume. Iwo aja anagula mankhwala omwewa poganiza kuti ndi caustic soda wopangira sopo wamtanda. Anasungunulira m'poto wa aluminiyamu wa akazi awo, poto n'kuyamba kuwira yekha, kuda bii, mapeto ake kubooka. Mankhwalawa amadya aluminiyamu, ndipo mpweya wotulukawo ndi hydrogen, umayaka. Sanagonje, ukuwadziwa amalume. Anasamukira m'ndowa, kuyeza ndi kapu ya tiyi, n'kuthira m'zikombole. Anadikira sabata... ayi, mwezi wathunthu, sopo ali phalaphala. Iwo amvekere alipo wandichita chipongwe. Panalibe munthu apo. Potassium salimbitsa sopo, amapanga wamadzi. Wamtanda amafuna sodium hydroxide, caustic soda uja.

Ndiye ngati ukufuna wamadzi, gwira izi. Mafuta a mpendadzuwa magalamu 500 amafuna potassium hydroxide magalamu 95... dikira, ameneyo ndi wosasakaniza. Wogulitsidwa nthawi zambiri amakhala wa 90 peresenti, ndiye yeza magalamu 105. Madzi magalamu 300. Uthire mankhwala m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa mankhwala, amathovokera kumaso. Chitira panja, magolovesi m'manja, magalasi m'maso, poto akhale wa stainless steel. Ukaphatikiza ndi mafuta ofunda, takasa mpaka zilimbe, uphike pamoto wochepa maola ngati 3 mpaka ziziwala ngati Vaseline. Tapako pang'ono usungunule m'madzi otentha. Akayera ngati mkaka, mafuta sanathe kupsa, pitiriza. Mankhwala otsala m'paketi utseke zolimba, amakoka chinyezi n'kuchepa mphamvu. Akakudonthera, madzi oyenda mphindi 20, osati viniga. M'maso, tsuka kenako thamangira kuchipatala.

Tsono za botolo lakolo, dzola, usaope. Amaikamo kadontho kongochepetsa asidi kuti pH, muyezo wa asidiyo, igwirizane ndi khungu, ndipo pofika kwa iwe anasakanikirana kale ndi zinazo, ukali unatha. Oyenera kusamala nawo ndi mankhwala ofewetsa khungu la m'mbali mwa zikhadabo ndi ena owongolera tsitsi, chifukwa m'menemo amamusiya wamphamvu dala. Asapitirire nthawi yomwe alemba.

Chimene chimavulaza ndi woumayo m'manja mwa munthu wopanda sikelo. Wandimva, mwana wa azakhali? Wa m'botolo dzola, wa m'paketi usamutsegule usanagule sikelo yowerenga magalamu. Sipuni ayi, kapu ayi. Sikelo kaye, mankhwala pambuyo. Ukagula unditumizire chithunzi cha paketiyo ndione peresenti yake.