Yankho kwa achimwene omwe makoma a timasitolo tawo akupindika

Achimwene, mwati mukufuna kupanga diorama, kachifanizo kakang'ono ka malo enieni, ya masitolo atatu a pa trading centre, okhala ndi khonde, msewu kutsogolo ndi pholo lamagetsi, zonse pa thabwa la 40 cm m'litali ndi 30 cm m'lifupi. Mwatinso sitolo yoyamba munaipanga ndi katoni ya sopo, makoma anapindika mutangopaka penti, ndipo itauma inkaonekabe ngati chidole. Mavuto awiriwa gwero lake ndi losiyana. Kupindikako ndi madzi. Kuoneka ngati chidoleko ndi miyeso, ndipo ili ndiye vuto lalikulu chifukwa penti sangalibise.

Musanadule kanthu, sankhani sikelo, kutanthauza kuti chilichonse muchichepetsa kangati poyerekeza ndi chenicheni. Pa thabwa lanulo tengani 1:50, chifukwa masamu ake savuta: mita imodzi ndi 20 mm pa rula. Opanga masitima ang'onoang'ono amakonda 1:87, ku Britain 1:76, ndipo a zida zankhondo 1:35, koma iwowo amatsatira zinthu zogula kale m'sitolo. Inu mukupanga zonse ndi manja, ndiye palibe chokukakamizani. Chokhacho: ngati muli kale ndi timagalimoto ta Hot Wheels kapena Matchbox timene mukufuna kuika pamsewupo, tambiri timakhala pafupi ndi 1:64, choncho nyumba zitsatire galimoto. Kagalimoto ka 1:64 pafupi ndi sitolo ya 1:50 kamaonekeratu kuti ndi ka mwana.

Pa 1:50, chitseko cha mamita 2.1 ndi 0.9 chimakhala 42 mm ndi 18 mm. Munthu wa mamita 1.7 ndi 34 mm. Dulani kamunthu ka pepala ka 34 mm, muzikaimika pambali pa chilichonse chimene mwapanga. Kamagwira zolakwika msanga kuposa rula. Sitolo ya mamita 6 kutsogolo, khoma la mamita 2.7, imakhala 120 mm ndi 54 mm. Khonde la mamita 1.8 ndi 36 mm. Masitolo atatu akudya 360 mm, kutsala 40 mm ya kanjira kapakati. Kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo muli ndi 300 mm yokha, ndipo msewu wonse wa mbali ziwiri ungadye pafupifupi 140 mm. Musauike wonse. Onetsani mbali imodzi, 70 mm, kenako ngalande 20 mm, bwalo ladothi 70 mm, khonde 36 mm, zotsalazo nyumba. Kumbuyo kwa masitolo palibe adzaoneko, mukhoza kudula nyumba pakati n'kuigunditsa ku chithunzi chakumbuyo.

Chimene ambiri amaiwala ndi kunenepa kwa khoma. Khoma la njerwa la 230 mm pa 1:50 ndi 4.6 mm. Katoni yopyapyala ikangoima yokha, windo limakhala pamwamba penipeni pa khoma ngati lojambula, ndiye chidole chija. Windo ndi chitseko ziyenera kulowa mkati 2 mm kapena 3 mm kuti pakhale mthunzi.

Katoni ya sopo kapena ya mafuta, ija ili ndi mafunde mkati, isiyeni. Mizere yake imatulukira pansi pa penti ndipo m'mphepete mwake mumakhala mabowo. Funani katoni yolimba yotuwa, ya 2 mm, imene imapezeka m'zikuto za mafayilo akale a mu ofesi ndi za mabuku a chikuto cholimba. Matani ziwiri pamodzi kuti zikwane 4 mm. Foam board (styrofoam yokutidwa ndi pepala mbali zonse ziwiri) ya 5 mm, ngati mungaipeze kogulitsa zolembera kapena kwa osindikiza zikwangwani, imachepetsa ntchito. Katoni yopyapyala ya mabokosi a tiyi kapena a mankhwala otsukira mano isungeni, ndi ya mafelemu, zitseko ndi timizere tapakhoma.

Podula, gwiritsani rula yachitsulo ndi mpeni wa lumo lothyola. Musakanikize kuti mudule kamodzi, dutsani kanayi kapena kasanu mopepuka. Boolani mawindo ndi zitseko khoma likadali pa chikatoni chachikulu, kenako ndiye mudule khomalo, apo ayi kachigawo kopyapyala ka pamwamba pa chitseko kamang'ambika. Yambirani pangodya kulowera pakati. Lumo likayamba kukoka ubweya wa katoni, thyolani, latha. Kumbukiraninso kuti makoma a m'mbali amalowa pakati pa lakutsogolo ndi lakumbuyo: ngati nyumba ndi ya 100 mm ndipo khoma ndi la 5 mm, la m'mbali lidulidwe 90 mm. Pansi pa khoma lililonse onjezani 10 mm, chifukwa chake ndinena tikafika pa dothi.

Tsopano za kupindika. Katoni ikanyowa mbali imodzi, mbaliyo imafufuma, ndipo pouma imakhwinyata n'kukoka khoma lonse. Choncho chimene mwachita mbali imodzi, chitaninso mbali inayo. Mukamata pepala kunja, matani lina mkati. Mukapaka penti kunja, pakani mkati. Musanayambe kupenta, tsekani katoniyo mbali zonse ndi vanishi wopopera wosanyezimira kapena sanding sealer ya akalipentala, mopyapyala, kawiri. Guluu woyera wa matabwa naye ali ndi madzi ambiri, ndiye pomata makatoni awiri mufalitseni ndi kachidutswa ka katoni mpaka angotsala pang'ono, ikani pakati pa mapepala a pulasitiki, tsindikani ndi mabuku olemera usiku wonse. Nyengo yamvula onjezani tsiku. Mkati mwa nyumba ikani katoni yapansi, denga lamkati lathyathyathya, ndi tizidutswa ta katoni ta makona atatu pangodya iliyonse. Bokosi lotsekeka mbali zonse silipindika wamba. Phala la ufa wa chinangwa limamata ndithu, koma limaitana mphemvu ndipo limachita chuku, musaliyese.

Njerwa ndiye zimatopetsa anthu mpaka kusiya ntchito. Pitani pa nyumba yeniyeni muwerenge mizere ya njerwa kuyambira pansi mpaka pamwamba pa chitseko. Mupeza 25 mpaka 28, kutengera chikombole. Ndiye kuti mzere umodzi ndi 1.5 mm mpaka 1.7 mm, ndipo njerwa imodzi ndi yosakwana 5 mm m'litali. Ambiri amalemba njerwa za 10 mm chifukwa ndi zosavuta, nyumba n'kuoneka ya nkhuku. Mwayi wake, masitolo ambiri kutsogolo ndi apulasitala. Onetsani njerwa pa khoma limodzi la m'mbali ndi pamene pulasitala wagumuka basi. Polemba, matani styrofoam yosalala yopyapyala, ija ya timabokosi ta chakudya, lembani mizere yopingasa ndi nsonga ya pensulo yolimba motsatira rula, kenako timizere toimirira mosemphanitsa. Ngati sitolo imodzi ndi yatsopano, ipangeni ya mabuloko a simenti: 400 mm ndi 200 mm ndi 8 mm ndi 4 mm, zosavuta kulemba, ndipo mabuloko achuluka m'zomanga zatsopano kuyambira pamene malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu.

Chenjezo pa styrofoam: super glue, guluu wa nsapato ndi penti wopopera zimaisungunula nthawi yomweyo. Imatidwe ndi guluu woyera, ndipo mukafuna kupopera, yambani mwaikuta ndi guluu woyera wosungunula kawiri.

Pulasitala: supuni ziwiri za Polyfilla (ufa wotsekera ming'alu ya pakhoma), theka la supuni ya guluu woyera, madzi pang'ono. Pakani mopyapyala ndi kachidutswa ka khadi la pulasitiki, osapitirira theka la milimita. Guluuyo ndi amene amaletsa kung'aluka. Akauma, kwechani pang'ono ndi sandipepa ya nambala 400.

Malata ndi pamene diorama ya kwathu kuno imaonekera ngati munthu anayeza kapena anangoganiza. Pa malata wamba, kuchokera pa funde lina kufika pa lina ndi 76 mm, ndiye pa 1:50 ndi 1.5 mm. Mano a bawuti wamba ya M10 amatalikirana 1.5 mm ndendende. Tengani foil yokhuthala ya timbale ta takeaway, iwongoleni ndi msana wa supuni, ikwecheni pang'ono ndi sandipepa kuti penti adzagwire, igonekeni pa labala kapena pa nsalu yopinda kawiri, kenako gubuduzani bawutiyo mokanikiza ndi kathabwa, ulendo umodzi osabwerera. Mukabwerera, mano sagweranso m'mizere yomwe ija. A 1:64 atenge M8, mano ake ndi 1.25 mm. Foil yakukhitchini ndi yofewa, imaphwanyika mukangoigwira, pamene chitini cha zakumwa ndi cholimba mopitirira ndipo chimacheka zala. Dulani malata a 16 mm m'lifupi ndi 50 mm kapena 60 mm m'litali, motsatira mizere. Musakute denga ndi chinsalu chimodzi cha foil. Ikani lata limodzilimodzi pa denga la katoni, kuyambira kumunsi kukwera, lililonse likwere pa linzake funde limodzi, ndipo atulukire kunja kwa khoma 6 mm mpaka 8 mm. Apa super glue ndiye woyenera, kadontho kamodzi uku ndi uku. Malata a IBR ndi ena, mizere yake ndi yamakona ndipo imatalikirana pafupifupi 3.5 mm pa sikeloyi. Amenewo amapangidwa pomata timizere ta katoni pa thabwa n'kusindikizapo foil.

Nsanamira za khonde zikakhala za njerwa ndi 5 mm mbali zonse, zikakhala za paipi ndi waya wa 1 mm kapena 1.5 mm. Ndodo ya machesi ndi 2 mm, kutanthauza thabwa la 100 mm, ndiye ikhoza kukhala mtanda wa khonde koma osati felemu ya windo. Galasi dulani pa pulasitiki yoonekera ya mapaketi, imateni kumbuyo kwa khoma ndi guluu woyera. Super glue amaichititsa chifunga choyera chosachoka. Zitsulo zotchinga pawindo ndi timawaya ta kopa ta mkati mwa chingwe chakale chamagetsi: gwirani mbali zonse ndi mapulayala, kokani mpaka kawaya katambasuke pang'ono, kawongoka kokha. Mkati mwa sitolo pakani penti wakuda kuti asaonemo katoni.

Pansi, yambani ndi plywood ya 9 mm kapena 12 mm, pamwamba matani styrofoam ya 20 mm. Imeneyi ikulolani kukumba ngalande ndi kumiza nyumba. Apa ndi pa 10 mm ija: kumbani kamzere koti makoma alowemo, dothi lifike mpaka pakhoma. Nyumba yongokhazikidwa pamwamba imasiya kampata kakuda pansi, ndipo diso limathamangira pomwepo. Khonde likwere 4 mm mpaka 6 mm pamwamba pa bwalo.

Dothi gwiritsani lenileni, katondo ngati dera lanu ndi lofiira. Liumitseni pa chiwaya chakale kuti tizilombo ndi chinyontho zithe, lisefeni ndi sefa ya tiyi, kenako ndi nsalu yopyapyala. Kamchenga ka 1 mm pa sikeloyi ndi mwala wa 50 mm, ndiye chotsala mu sefa ndi cha m'ngalande ndi m'mphepete mwa msewu, osati cha pabwalo. Pakani kaye penti wa mtundu wa dothi pa styrofoam kuti choyera chisatulukire. Wazani dothi, linyowetseni ndi botolo lopopera momwe mwaikamo kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako dontezani ndi sirinji guluu woyera gawo limodzi pa magawo atatu a madzi. Popanda sopoyo, guluu amapanga timipira n'kugubuduza dothi. Siyani masiku awiri. Liuma lakuda kuposa mmene linalili, choncho pomaliza pakanipo fumbi louma la dothi lomwelo ndi bulashi yofewa.

Msewu watala si wakuda. Sandipepa ya nambala 400 kapena 600 yopakidwa penti wotuwa imakwana. M'mphepete mwake ng'ambani ndi manja kuti muoneke modyeka, dothi likwere pamwamba pake. Pholo lamagetsi ndi kandodo kansungwi kootchera nyama ka 3 mm kapena 4 mm, kotalika 150 mm pamwamba pa nthaka, ndipo kalowe mpaka mu plywood, chifukwa styrofoam yokha siigwira. Mawaya ndi ulusi wosokera wodutsitsidwa mu guluu kuti ubweya ugone. Asiyeni agwe pang'ono pakati. Udzu ndi chingwe cha khonje chodula 4 mm mpaka 8 mm, chobzala m'magulumagulu m'ngalande ndi m'tsinde mwa khoma.

Penti akhale acrylic kapena wotsala wa PVA wapakhoma, osati wamafuta wonyezimira. Ngakhale sitolo yofiira ya Airtel kapena yobiriwira ya TNM, thirani kadontho ka woyera ndi ka wotuwa mumtunduwo, chifukwa dzuwa limawalula penti, ndipo wochokera m'botolo amakuwa kwambiri pa kanthu kakang'ono. Zolemba zapakhoma sindikizani pa printer ya laser, ya inki imachucha ikakhudza guluu. Chilembo cha 300 mm ndi 6 mm. Kwechani kumbuyo kwa pepalalo mpaka lipyapyale kuti likhale ngati lolembedwa pakhoma.

Litsiro liikeni pomwe limakhaladi. Mvula ikamagwa kuchoka pa malata imathovukira pakhoma, ndiye m'munsi mwa khoma, 6 mm mpaka 10 mm, mukhale mofiirira. Pa 20 mm kuchokera pansi, pambali pa chitseko ndi pa nsanamira, pamada ndi manja. Dzimbiri limayambira pa mizere ya misomali ndi polumikizana malata n'kutsetsereka kumunsi, ndipo malata a denga limodzi sachita dzimbiri mofanana, ena asiyeni oyera. Sungunulani penti gawo limodzi pa magawo 10 a madzi, pakani, pukutani ndi kansalu, dikirani ziume musanaonjezere. Yesani kaye pa khoma lakumbuyo kapena pa sitolo yoyamba yopindika ija, musaitaye.