Jenereta ikulira koma magetsi sakubwera

Funso: Amisiri, ndimaonetsa mpira pa msika wa Lizulu. Jenereta yanga ya petulo ya 2.5 kVA ikulira bwinobwino, koma magetsi amabwera n'kuzimanso, dzulo sanabwere n'komwe. Ena akuti koyilo yapsa. Ndigule ina?

Yankho: Achimwene, musathamangire kugula. Yambani mwaona mabulashi. Ndi timakala tiwiri tomwe timakhudza mphete ziwiri zamkuwa pa amecha (gawo lozungulira la m'kati mwa jenereta), ndipo ndi timeneti timadutsitsa mphamvu yochokera ku AVR (kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi) kuti amecha ikhale ndi maginito. Tikaperepeseka, sipulingi imalephera kutikankha mokwanira, ndiye magetsi amaphethira monga mwafotokozeramu. Koyilo ikapsa nthawi zambiri imanunkha komanso imada. Mwamva fungo?

Zimitsani injini, dikirani izizire, chotsani waya wa pulagi ya injini. Tsegulani chivundikiro chakumbuyo. Muona kapulasitiki komangidwa ndi bawuti imodzi, kolowa mawaya awiri. Musanazule kanthu jambulani ndi foni, chifukwa waya wina ndi wa + wina wa -, ndipo mukawasinthanitsa magetsi sabwera, mwinanso n'kuononga AVR. Makala akafupika kuposa theka la atsopano, kapena akasweka m'mphepete, sinthani onse awiri pamodzi ndi kapulasitiki kake. Nyamulani akalewo popita kukagula kuti mufananize.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: amaika atsopano pa mphete zakuda. Fumbi la pa Lizulu masiku a msika likasakanikirana ndi mwaye wa makala limamatirira pamkuwa paja. Pukutani ndi nsalu youma, kenaka khulani pang'onopang'ono ndi sandipepa yosalala kwambiri uku mukukoka chingwe cholizira mofatsa kuti amecha izungulire. Uzirani fumbi lonse lichoke. Oyilo kapena girisi asafikepo. Mphete zikakhala ndi mizere yakuya, pitani nayo kwa mmisiri, apo ayi mabulashi atsopanowo sachedwa kutha.

Chimodzi chimandiwawa mtima. Pali ena amasema kakala ka m'batire la tochi n'kukaika m'malo mwa bulashi. Kamayatsadi tsiku limenelo, koma si makala opangidwira ntchitoyi, amakanda mphete ndi kuthetheka moto. Kenaka mumagula AVR ndi amecha, pomwe mabulashi ndi otchipa kwambiri pa zonsezi.

Mukamanga, lizani injini osalumikiza kanthu, yezani ndi mita yoyezera magetsi. Iwerenge pafupifupi 230 V. Ikapanda kufika, ndiye tikambe za AVR.

Kwa inu a tijenereta ta 950 tosakaniza petulo ndi oyilo tija, musavutike kufuna mabulashi, mulibemo. Mwanu mumavuta kapasita, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi.

Achimwene a ku Lizulu, poti mumayatsa jenereta yanuyo pafupifupi tsiku lililonse, muzitsegula kumbuyoko pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo muziyiika pa thabwa, osati padothi.