Nsanja yagalasi ya ku Shieldhall ndi mafakitale a mababu omwe anatsekedwa

Achemwali ena okhala ku Glasgow andilembera imelo. Akuti popita kuntchito amadutsa pa Shieldhall Road, pomwe pali chinyumba choyera chokhala ndi nsanja yagalasi, ndipo anamva kuti kale ankapangiramo mababu amagetsi. Kamera ali nayo, mtima wosonkhanitsa mbiri ya mafakitale otere ali nawonso. Funso lawo n'lakuti ayambire pati, nanga ajambule chiyani poti makina anachotsedwamo kalekale?

Zikomo achemwali. Chinyumbacho ndi Luma, ndipo musanatulutse kamera dziwani kaye chomwe chinachititsa kuti chimangidwe. Mu December 1924, makampani akuluakulu opanga mababu, monga Osram, Philips ndi Tungsram, anakumana ku Geneva n'kupanga mgwirizano wodziwika ndi dzina loti Phoebus. Anagawana misika, anagwirizananso kuti babu isamayake kupitirira maola 1,000. Kampani yomwe mababu ake ankakhalitsa kuposa apo inkalipitsidwa chindapusa. Bungwe la makopaletivi a ku Sweden, Kooperativa Förbundet, linakana kufinyidwa ndi mitengo yawo, choncho linamanga fakitale yakeyake ya Luma ku Stockholm cha m'ma 1930. Ya ku Glasgow inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene a ku Sweden aja anagwirizana ndi bungwe la makopaletivi a ku Scotland, Scottish Co-operative Wholesale Society. Ndiye khoma mumalidutsalo linamangidwa ndi ogula omwe anatopa ndi kudyeredwa masuku pamutu. Chithunzi pachokha sichingafotokoze zimenezo.

Nsanjayo si yokongoletsera. Mumagalasi amenewo ndi momwe ankayesera mababu: ankawayatsa ambirimbiri usana ndi usiku kuti aone kuti apsa pakatha maola angati. Usiku nsanja yonse inkawala mpaka kutali, motero kuyesako kunkagwiranso ntchito yotsatsa malonda. Mukaizindikira kamodzi, mudzaiona kwina konse. Ku Stockholm ilipo. Ku Eindhoven, komwe Gerard Philips ndi bambo ake anayambitsa kampani yawo ya mababu mu 1891, kuli nsanja yotchedwa Lichttoren. Ku Berlin, m'dera la Friedrichshain, kuli nsanja ya Narva, fakitale yomwe poyamba inali ya Osram, kenako ya boma la East Germany, n'kudzatsekedwa Germany itangogwirizananso.

Onsewa anapulumuka, koma taonani mmene anapulumukira. Luma ya ku Glasgow inasanduka nyumba zogonamo anthu m'zaka za m'ma 1990. Lichttoren muli hotela ndi nyumba zogona, mu Witte Dame, nyumba ina yakale ya Philips yoyandikana nayo, munalowa laibulale, pomwe ku Narva kuli maofesi. Kafakitale koyamba ka Philips pa msewu wa Emmasingel ku Eindhoven kanasanduka Philips Museum mu 2013. Sindikudandaula ayi, n'kwabwino kusiyana n'kugwetsa. Koma zomwe zinasungidwa ndi makoma. Aliyense wodutsa ndi foni anawajambula kale, ndipo chithunzi chanu chidzangokhala chimodzi mwa zambirimbiri za pa intaneti.

Zomwe zikutha mwakachetechete ndi zomwe zili m'mitu ya anthu amene ankagwiramo ntchito. M'mafakitale ambiri a mababu, ntchito yolowetsa kawaya kopyapyala ka tungsten pa timiyendo take inkagwiridwa ndi amayi ndi atsikana, atakhala m'mizere pafupi ndi malawi a gasi osungunula galasi. Apa ndi pomwe ine ndingayambire. Afunseni kuti kutentha kunali kotani, zala zinkachekeka kangati, ankalipidwa pa ola kapena pa chiwerengero cha mababu, kapitawo ankati chiyani galasi likasweka, ndani anawauza kuti fakitale ikutsekedwa ndipo anawauza bwanji. Jambulani mawu, osati nkhope zokha. Pemphani chilolezo, ndipo lembani chaka chomwe munthuyo analowa ntchito ndi gawo lomwe ankagwira. Ku Glasgow ambiri a iwo anatisiya, koma ana awo alipo, ndipo m'madirowa mwawo mumapezeka timapepala ta malipiro, zithunzi za pa phwando la Khirisimasi, mwinanso katoni ya babu yolembedwa Luma. Katoni yoteroyo muijambule mbali zonse, chifukwa imanena mphamvu ya babu, mtengo nthawi zina, ndi komwe inapangidwa.

Zolembedwa za makopaletivi a ku Scotland kazifunseni ku Glasgow City Archives, mu Mitchell Library. Onaninso zomwe bungwe losamalira nyumba zakale la Historic Environment Scotland linalemba za nyumbayo, poti ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa.

Mukafuna anthu amene zinthu akuzikumbukirabe bwino, yang'anani mafakitale omwe anatsekedwa posachedwapa. Babu yakale ija ya kawaya ka tungsten imataya pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi ngati kutentha, n'chifukwa chake European Union inaichotsa pamsika pang'onopang'ono kuyambira 2009 mpaka 2012. Mababu osadya magetsi ambiri omwe analowa m'malo mwake ankapangidwa kwambiri ku China, kenako kunabwera LED. Ku America, General Electric inatseka fakitale yake ya ku Winchester, Virginia, mu 2010, ndipo anthu pafupifupi 200 anachotsedwa ntchito. Ku Budapest, Tungsram, yomwe inayamba mu 1896, inagwa m'ngongole mu 2022. Ogwira ntchito a kumeneko ambiri akadali moyo, ndipo masiku ano munthu mutha kucheza naye pa foni osakwera ndege.

Chenjezo limodzi, poti ndikudziwa kuti kamera imakopa munthu kulowa m'mabwinja: musalumphe mpanda. Kupatula mlandu wolowa pamalo a eni, m'nyumba zakale zotere mumakhala asbestos, yemwe fumbi lake limawononga mapapo, ndipo momwe ankapangira machubu a fluorescent kapena nyali za mercury mumatsalira poizoni wosaoneka. Ku Hoboken, New Jersey, mabanja omwe anakonza fakitale yakale ya nyali n'kumakhalamo anasamutsidwa mu 1996, atapeza mercury pansi pa matabwa a m'nyumba ndi m'matupi mwawo. Nyumbayo pambuyo pake inagwetsedwa.

Za Luma yanuyo, kumbukirani kuti pano ndi pakhomo pa anthu. Ijambuleni muli pamsewu, ndipo mukafuna kulowa mkati lemberani kaye bungwe loyang'anira nyumbazo. Pofunsapo, afunseninso ngati pakati pa okhalamo pali wina yemwe mayi ake kapena agogo ake ankagwira ntchito mufakitaleyo.